Luchenza imene inkatchulidwa ku Salisbury

Masiku apitawa ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Luchenza amene pano akugwira ntchito ku Johannesburg. Funso lawo ndi lalifupi. Awona penapake kuti Luchenza lidali dzina la dera la phungu m'nyumba ya malamulo ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndiye akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati agogo awo, amene adabadwira ndi kumwalirira komweko, adaponyako voti pa zisankho zimenezo.

Achemwali, pepani kuti ndachedwa kuyankha. Imelo yanu yakhala masiku asanu ndikungoitsegula ndi kuitseka, chifukwa funso lanulo ndidalifunsapo ine ndili mwana wa Fomu 2, ndipo yankho limene ndidapatsidwa ndidalinyoza kwa zaka zambiri.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, pamtunda woti kale tinkayenda wapansi kukakwera sitima pa siteshoni ya Luchenza. Agogo anga aamuna adali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Ntchito yawo idali kuima pa sikelo madzulo, kulemba kulemera kwa dengu la wothyola aliyense, ndi kudinda tikiti. Adaphunzira kumishoni mpaka Sitandade 6 yakale ija, ndipo Chingerezi ankachilemba bwino kuposa ambiri a ife amene tidafika ku koleji. Adali ndi njinga, adali ndi jekete limodzi lakuda la ku tchalitchi ndi kumaliro, ndipo anthu a m'mudzi akalandira kalata yochokera ku Wenela kapena ku Salisbury ankabwera nayo kwa iwo kuti awawerengere. Adamwalira ndisadayambe kufunsa mafunso. Chimene adasiya ndi bokosi lachitsulo limene agogo aakazi ankalisunga kunsi kwa bedi, ndipo kiyi wake ankamumangirira ku chitenje.

Tsiku lina ndidabwera ku holide mutu utadzaza ndi zimene aphunzitsi a mbiri adatilembetsa: Chitaganya chidayamba mu 1953, chisankho choyamba chidachitika mu December chaka chomwecho, nduna yaikulu yoyamba adali Godfrey Huggins, kenako Roy Welensky. Ndidapeza agogo akusenda chinangwa pakhonde, ndipo ndidawafunsa kuti, "Agogo, pa chisankho cha 1953 agogo aamuna adavotera ndani?" Sadakweze n'komwe mutu. Adati, "Voti? Voti idabwera nthawi ya Kamuzu. Izo za Chitaganya ife tinkangomva kuti azungu akusankhana."

Mumtima ndidati agogo akalamba, ayiwala, ndiponso sukulu sadapite. Munthu wodziwa Chingerezi ngati amuna awo akadalephera bwanji kuvota? Patapita zaka, agogo aakazi nawonso atatisiya, tidatsegula bokosi lija ndi amalume. Mudali malisiti a msonkho a chaka ndi chaka atamangidwa ndi ulusi, mtchatho wa ukwati, makalata, khadi la chipani cha Nyasaland African Congress litakulungidwa mu mpango, ndi kapepala kosonyeza kuti adalembetsa chisankho cha 1961. Munthu amene ankasunga ngakhale lisiti ya tayala la njinga adalibe pepala lililonse la chisankho cha Chitaganya. Ndidakhala pansi pomwepo ndikumva manyazi, chifukwa mayi wosadziwa kulemba uja adandiuza mbiri yoona m'mawu ochepa, ine n'kumukayikira chifukwa cha kope la notsi.

Chitaganya chitayamba, nyumba yake ya malamulo ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, idali ndi mipando 35. Mwa imeneyi, 26 idali ya aphungu osankhidwa ndi voti: 14 a Southern Rhodesia, 8 a Northern Rhodesia, 4 a Nyasaland. Mipando 6 idali ya anthu akuda, awiri dziko lililonse, ndipo itatu yotsalayo idali ya azungu amene ankati akuyankhulira anthu akuda. Pa chisankho cha pa 15 December 1953 kudalibe dera lotchedwa Luchenza. Dziko lonse la Nyasaland, kuyambira Karonga mpaka Port Herald imene lero timati Nsanje, lidali dera limodzi losankha aphungu anayi. Dziko la anthu opitirira mamiliyoni awiri ndi theka lidakwana m'dera limodzi chifukwa ovota ake adali ochepa kwambiri, ochokera mwa azungu ndi amwenye. Azungu onse m'dziko muno, ana ndi akulu omwe, sankafika 10,000. Agogo athu pa lamulo ankatchedwa anthu otetezedwa ndi Britain, osati nzika za Britain, ndipo mawu amenewa okha adali okwanira kuwatsekera kunja. Aphungu awiri akuda a Nyasaland, a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano, sadasankhidwe ndi voti ya anthu wamba. Adasankhidwa kudzera m'bwalo la mafumu ndi akuluakulu limene boma la atsamunda lidakhazikitsa.

Chimene chimandipweteka ndi miyezi yake. Mu August 1953, miyezi inayi chisankho chisadachitike, ku Thyolo kudabuka chipolowe, ndipo chidayambira pafupi ndi Luchenza yomweyo, pa esiteti ya Mangunda, pa nkhani ya anthu amene adagwidwa kuti aba malalanje. Mphekesera idamveka kuti anthuwo aphedwa, ndipo mawu oti chifwamba, amene ana a masiku ano sawadziwa, adayenda m'midzi usiku umodzi. Koma malalanje adali poyambira chabe. Pansi pake padali thangata, padali lendi ya malo imene idakwezedwa, padali mabanja a Alhomwe ndi Amang'anja opanikizika m'malire a minda ya tiyi opanda polima, padalinso mantha oti Chitaganya chibweretsa kuno malamulo a malo a ku Southern Rhodesia. Anthu adagwetsa mitengo kutseka misewu, adadula mawaya a telefoni, ndipo chipolowe chidafalikira ku maboma ena a kummwera. Pomwe chinkatha, anthu 11 adali atafa. Agogo aakazi ankasimba za masiku amene adagona m'tchire ndi mwana kumsana, mayi anga aakulu, akumva magalimoto a apolisi akudutsa kumsewu. Chaka chomwecho Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando chifukwa chokana Chitaganya. Ndiye December atafika, ena adavala bwino kukaponya voti m'dzina la dziko lomwelo.

Ndikawerenga mabuku ena amati ichi chidali chisankho choyamba cha aphungu m'mbiri ya dziko lino. Pa pepala n'zoona. Ine sindichiwerengera ngati chathu, ndipo ndikukana kuti ana athu aziloweza tsiku lake popanda kuuzidwa amene adaima pamzere ndi amene adali kumunda.

Dzina la Luchenza lidalowa pa chisankho chachiwiri, cha November 1958. Nthawi imeneyo boma la Welensky, amene adalowa m'malo mwa Huggins mu 1956, lidali litakulitsa nyumba ya malamulo kufika mipando 59. Nyasaland idapatsidwa mipando 6 ya voti wamba m'malo mwa 4, ndipo dera limodzi lija lidagawidwa. Tamvani mayina ake: Blantyre, Limbe, Zomba, Luchenza, Shire, Lake Nyasa. Mayina asanu ndi a kummwera, ndipo anayi mwa iwo ali pamtunda woti pa galimoto mutha kuwazungulira tsiku limodzi. Lilongwe palibe, Kasungu palibe, Mzimba palibe. Wojambula mapu sankawerenga midzi. Ankawerenga kumene kuli maesiteti, masitolo, maofesi a boma ndi njanji. Luchenza idapeza dzina pa mapuwo chifukwa idali siteshoni imene tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ankakwezedwerapo kupita ku doko la Beira, ndipo mozungulira mudali eni minda okwanira kudzaza kaundula. Mmodzi mwa alimi a tiyi a ku Thyolo, Malcolm Barrow, adali phungu wa ku Nyasaland kuyambira 1953 ndipo adakhala nduna m'boma la Chitaganya zaka zonsezo. Munthu amene antchito a m'minda ankamuvulira chipewa ndi amene ankanyamula dzina la dziko lawo ku Salisbury.

Tsono pali ena amene amandiuza kuti, "Koma mu 1958 lamulo silinkanena za khungu, aliyense wokwanitsa ankavota." N'zoona kuti lamulo latsopano lidatsegulira anthu otetezedwa aja. Koma taonani chitseko chake. Kuti ulowe m'kaundula wamkulu unkafunika kupeza mapaundi 720 pa chaka, kapena kukhala ndi katundu wa mapaundi 1,500. Ukakhala kuti udamaliza pulayimale, ndalamazo zinkatsika kufika 480. Ukakhala ndi zaka zinayi za sekondale, 300. Kudalinso kaundula wina wapansi, wofuna mapaundi 150 pa chaka, kapena 120 ukakhala ndi zaka ziwiri za sekondale, koma voti yake inkangogwira ntchito pa mipando yochepa ya anthu akuda, imenenso ovota a kaundula wamkulu ankaponyako voti. Mapaundi 720 pa chaka ndi mapaundi 60 pa mwezi. Wothyola tiyi ankamaliza tikiti ya masiku 30 n'kulandira masheleni. Agogo anga, ndi Chingerezi chawo chonse ndi jekete lawo, sakadafika ngakhale pa khomo la kaundula wapansiyo. Ndipo sekondale ya zaka zinayi ikadachokera kuti, pomwe Blantyre Secondary School idatsegulidwa cha m'ma 1940, Zomba Catholic pambuyo pake, ndipo Dedza mu 1951? Amene adalemba lamulo ankazidziwa ziwerengero zimenezi bwino lomwe. Sadafunike kulemba mawu oti wakuda.

Ochepa amene akadakwanitsa, aphunzitsi ena akuluakulu, makalaliki a boma, eni magolosale, ambiri adakana kulembetsa. Congress idati kulembetsa ndi kuvomereza Chitaganya, ndipo Dr Banda adali atangofika pa Chileka pa 6 July chaka chomwecho. Kunyanyala kumeneku anthu amakuiwala. Timakumbukira misonkhano ndi ndende, koma kudalinso anthu amene adali ndi mwayi wolemba dzina lawo m'buku la azungu, mwayi umene ukadawakweza pamaso pa bwana, n'kusankha kusalemba.

Apa ndipatukeko pang'ono pa nkhani ya a Manoah Chirwa, chifukwa ndimakangana nayo ndi anzanga nthawi zonse. Mu 1957 Congress idawachotsa m'chipani pamodzi ndi a Kumbikano chifukwa adakana kutula pansi mipando yawo ya ku Salisbury. Achinyamata a nthawiyo, a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene adalowa m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba mu 1956, ankati kukhala m'nyumba ya Chitaganya ndi kuipatsa ulemu umene ilibe. Ndidakula ndikumva dzina la a Chirwa likutchulidwa ngati la munthu wogulitsa. Nditayamba kuwerenga ndekha ndidapeza munthu amene ankaimirira pakati pa aphungu omunyoza n'kuwauza pamaso kuti Nyasaland sikufuna Chitaganya, ndipo mu 1960, ali mu komiti ya Monckton imene inkaunika tsogolo la Chitaganya, adakana kusaina lipoti la anzake n'kulemba lake pamodzi ndi a Habanyama a ku Northern Rhodesia. Kwa zaka zambiri ndinkati onse awiri adali ndi mfundo, otsala ndi otuluka. Lero sinditero. Ndikuganiza kuti Congress idalondola pa nkhani ya mipando, ndipo umboni wake ndi m'busa Andrew Doig wa mishoni ya Blantyre, mzungu amene adaikidwa kuyankhulira anthu akuda a Nyasaland. Iye adali mu bungwe la m'nyumbamo limene ntchito yake idali kuletsa malamulo opondereza anthu akuda. Bungwelo lidanena kuti malamulo atsopano a zisankho ndi atsankho, boma la Britain lidangowavomereza, ndipo Doig adatula pansi mpando wake mu 1958. Ngati mzungu wa tchalitchi adawona kuti mkatimo mulibe chophula, ndiye kuti mudalibedi. Koma kulondola kwa Congress sikupangitsa a Chirwa kukhala wogulitsa, ndipo zaka zambiri zimene adakhala kunja kwa dziko lawo ndi chilango chimene sichidawayenere.

Enanso amati Chitaganya chidatimangira zinthu, n'kuloza chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chimene chidatsegulidwa mu 1958. Sindikana, zaumoyo zidali m'manja mwa boma la Chitaganya, ndipo ndalama zina zidabweradi. Koma ndalama zazikulu zidapita ku damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, ndipo magetsi a pa Nkula adadikira mpaka dziko litadziimira palokha. Ndiponso chimene ndikufuna muwone, achemwali, ndi chakuti nkhani za zipatala, njanji, positi, asilikali ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko zinkagamulidwa m'nyumba imene Luchenza idali ndi phungu, pomwe mayi wogulitsa nthochi pa siteshoni ya Luchenza adalibe njira iliyonse yomufunsira phunguyo kanthu. Asilikali amene adabwera kuchokera ku Southern Rhodesia mu 1959, pomwe boma lidalengeza za chitetezo chapadera pa 3 March n'kumanga anthu opitirira 1,000, adali a boma lomwelo. Anthu pafupifupi 50 adafa, osachepera 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Dr Banda adatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ena adatsekeredwa pa Kanjedza ku Limbe. Mng'ono wa agogo anga adakhalako pa Kanjedza miyezi ingapo, ndipo adabwerako wosayankhulayankhula. Limbe nayonso idali dzina la dera la phungu.

Mmene deralo lidathera

Silidathe ndi kugawidwa kwa malire monga amathera madera ena. Lidafa ndi nyumba yake. Pa 15 August 1961 kudachitika chisankho cha nyumba ya malamulo ya ku Zomba, chimene kapepala kake tidakapeza m'bokosi muja. Malamulo ake olembetsera adali ena, osati a Chitaganya aja. Anthu opitirira 100,000 adalembetsa, ndipo Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi ndi ina ya kaundula wapamwamba. Agogo aakazi ankasimba kuti amuna awo adadzuka kusadache, adavala jekete lija ngakhale silidali Lamulungu, ndipo pobwerako sadanene kanthu, adangokhala pampando pabwalo mpaka dzuwa kupendeka. Chisankho chomaliza cha Chitaganya chidachitika mu April 1962, zipani za anthu akuda zidachinyanyala, ndipo m'madera ambiri aphungu a chipani cha Welensky adadutsa opanda wopikisana naye. Mu December 1962 boma la Britain, kudzera mwa nduna yake R. A. Butler, lidavomera kuti Nyasaland ituluke. Pa 31 December 1963 Chitaganya chidatha, ndipo madera ake onse, Luchenza, Shire, Lake Nyasa ndi anzake, adafafanizika tsiku lomwelo. Luchenza ya ku Salisbury idakhala zaka zisanu zokha.

Sindikunena kuti kuyambira 1961 zonse zidalongosoka. Voti imene agogo adavalira jekete idasanduka ya chipani chimodzi pasadathe zaka zambiri, ndipo iwo adamwalira asadawone referendamu ya 1993. Izi ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ndidzailemba, chifukwa nayonso imandiwawa. Koma pamene ndidamva kuti madera a aphungu akuwonjezedwa kuchoka pa 193 kufika pa 229 pokonzekera chisankho cha 2025, anzanga akudandaula za ndalama zolipira aphungu ochuluka chonchi, ine maganizo anga adapita ku mapu a 1958. Dandaulo la ndalamalo ndi lomveka, nanenso ndili nalo. Komabe mkangano wa lero ndi woti dera ili lili ndi anthu ambiri kuposa ilo, ndiye ligawidwe. Mkangano wotere umayamba ndi kuwerenga mutu wa munthu aliyense, wothyola tiyi ndi mwini esiteti mofanana, ndipo pa mapu a Chitaganya kuwerenga kumeneko kudalibe. N'chifukwa chake zimandikwiyitsa ndikamva wachinyamata wa ku Thyolo akunena monyadira kuti iye za kulembetsa alibe nazo ntchito. Kukhumudwa ndi andale ndikumvetsa. Koma kunyanyala kwa 1958 kudali kukana buku limene lidalembedwa kuti likutsekere kunja, ndipo kusalembetsa kwa lero ndi kusiya buku limene anthu adagonera m'tchire kuti litsegulidwe. Musandiuze kuti ndi chinthu chimodzi.

Ndiye yankho lanu, achemwali, ndi ili. Inde, dera la Luchenza lidalipo, kuyambira chisankho cha 1958 mpaka kumapeto kwa 1963, ndipo silikugwirizana ndi dera lililonse la phungu la lero kupatula dzina. Kupatula ngati agogo anu adali ndi malipiro kapena katundu wofika pa ziwerengero ndatchula zija, sadavote, ndipo ngakhale akadakwanitsa n'kutheka kuti adakana. Mukabwera kumudzi pa Khirisimasi, pitani ku National Archives ku Zomba mukafunse magazeti a boma ndi nyuzipepala za 1958 ndi 1962, kapena ku laibulale ya Society of Malawi pa Mandala ku Blantyre. Mapepala ambiri a boma la Chitaganya adatsala ku Harare. Koma musadakwere basi ya ku Zomba, funsani azakhali anu ngati m'nyumba mudakali bokosi lachitsulo, ndipo ngati alipo wamkulu amene adawona 1953, khalani naye pansi ndi foni yanu mumujambule mawu. Mukapeza kapepala ka 1961, munditumizireko chithunzi chake. Kathu kadadyedwa ndi chiswe m'mphepete, ndipo ndikufuna kuwona zimene zidalembedwa kumunsi kwake.